Che Twaibu, Amene Tinkawatcha a Halali

Mvula yoyamba yagwa dzana, ndipo nkhungu yabwerera paphiri la Zóbuè. Ndiye kuti chaka chakwana chimwalirireni Che Twaibu. Anatisiya kunja kuli chonchi, koti ukaima pabaraka yanga yogulitsirapo nyama pano suona ngakhale chipata cha alifandega, polipirira msonkho wa pamalire, umangomva makamyau, zimagalimoto za katundu zija, akubuula kumtunda kwa msewu.

Dzina loti Twaibu ambiri a ife tinalimva bwino pamaliro. Masiku onse tinkangoti a Halali. Chinachitika n'choti oyendetsa makamyau ochokera ku Tanzania, ku Somaliya ndi ku Mangochi akaima pamalire pano ankasuzumira m'mabaraka mwathu n'kufunsa kuti, "Mama, halali?" Ankafuna kudziwa ngati nyamayo yaphedwa mwa Chisilamu. Ife tinkangoloza mkulu wa kofiya yoyera atakhala pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa msika. Ana poona zimenezo anayesa kuti alendowo akufunsa munthuyo. Dzina linamera pomwepo, ndipo eni ake sanalikane.

Anali Myao wa kumtunda ku Niassa. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, kumsasa wa othawa kwawo, ndipo kumeneko anakumana ndi mayi Rozalina a m'mudzi mwathu muno, Mkatolika wa korona m'khosi. Mtendere utabwera anthu akubwerera kwawo, iwo anatsata mkazi. Sanawakakamize kusiya tchalitchi, mkaziyonso sanawakakamize kusiya kuswali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lusiya, anabatizidwa. Choncho m'mudzi monse Msilamu wokhazikika anali iwo okha. Ena ankabwera ndi malonda, miyezi ingapo n'kulongedza.

Apa ndi pamene panali nkhawa yawo, ndipo sankaibisa. Ankafuna kudzagona pa Zóbuè pompano, pafupi ndi mayi Rozalina amene anatsogola kale, koma ankafunanso kudzaikidwa monga Msilamu: kusambitsidwa ndi amuna achipembedzo chawo, kukulungidwa m'nsalu yoyera popanda bokosi, nkhope italoza kumpoto kumene ankayang'ana poswali, ndiponso dzuwa la tsiku lomwelo lisanalowe. Nanga akanawachitira zimenezo ndani? Shehe wa ku Moatize, mnzawo wakale, anawauza kuti asavutike, mtembo adzangoukweza galimoto n'kukauika kumeneko. Che Twaibu anakana kwamtuwagalu. Ankati anaona ndi maso awo manda akufukulidwa pamene anthu ankasamutsidwira ku Mualadze, ndiye iwo sangakagone m'nthaka imene pansi pake pali malasha, kuti tsiku lina adzadzutsidwe ndi makina.

Ine ndimagulitsa nyama ya mbuzi yokazinga, ndipo ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri. Iwo kuzinga, ine kukazinga. Koma abale inu, mkulu ameneyu ankandipsetsa mtima! Mafuta atentha kale, makasitomala akuwomba belu la galimoto, iwo ali phee, akumwetsa mbuzi madzi. Mpeni ankanolera kuseri kwa mtengo kuti mbuziyo isauone. Ikakhalapo ina, ankayamba aitengera kaye kutali, chifukwa ankati si bwino nyama kuona inzake ikufa. Ankaisisita pakhosi, akuiyankhula Chiyao chapansipansi, ngati munthu wotonthoza mwana wodwala. Ndikawafulumizitsa ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Sesiliya, mwanangu, yafika pano ndi miyendo yake. Ilekeni ipume." Kenako ankaigoneka, kutchula dzina la Mulungu, n'kudula kamodzi kokha. Sindinaonepo mbuzi yawo ikuphupha nthawi yaitali.

Ulemu wawo unali wa mtundu wachilendo. Paukwati wa Akhristu ankabwera kudzazinga mbuzi, kudya pang'ono, n'kunyamuka mowa usanatuluke. Pamaliro athu ankakhala kumapeto kwa amuna, osaimba, koma ankachoka omalizira. Munthu akabwera ndi mbuzi yodwala kuti aizinge msanga isanafe yokha, ankamubweza, ngakhale akhale mfumu. Ambiri anawada chifukwa cha zimenezo, kenaka n'kuiwala.

Analinso ndi loto la mzinda wodzamangidwa pa Zóbuè pano, ndipo anabwera nalo kuchokera ku Moatize. Malasha atayamba kukumbidwa mwamphamvu, anthu a mitundu yonse atadzaza tauni ija, anaitanidwa kukazinga nyama ya m'makhitchini a ogwira ntchito. Anakhala kwa mnzawo m'dera lotchedwa 25 de Setembro nyengo zingapo. Anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso, komanso ndi nkhani imodzi imene anaifotokoza mpaka imfa. Ankati kumeneko anaona nyama yolembedwa kuti halali ikutsitsidwa m'makatoni oundana, itachokera kutsidya kwa nyanja, pamene mbuzi za ku Tete zikungoyendayenda kuseri kwa mpanda. Zinawawawa ngati awatukwana.

Madzulo makasitomala akachepa ankakhala pabenchi langa, kabirika kawo ka madzi kali pambali, n'kuyamba. Ankati pa Zóbuè ndi pakhomo pa maiko awiri, aliyense wopita kunyanja yamchere kapena kubwerako amaima pano afune asafune. Ndiye pano padzamangidwa matadoru, nyumba yaikulu yozingiramo ziweto, ya makoma oyera ndi madzi osaleka m'mipopi. Mbuzi zidzachokera ku Changara ndi ku Marara, zonona ndi masawu ndi malambe, zidzakwera phiri lino m'mawa nkhungu isanayere, mabelu akulira m'khosi, ndipo zidzapuma tsiku lathunthu pamsipu zisanaone mpeni. Makamyau a jeleira, oziziritsa katundu, adzandanda kuyambira pachipata mpaka pamlatho, kunyamula nyama kupita ku Beira ndi ku Nacala, kuchoka apo pa zombo mpaka kwa Aluya. Si nyama yokha ayi. Nkhuku, uchi wa m'mapiri muno, mbatata yathu ya kachewere, ngakhale sopo wopanda mafuta a nkhumba. Pakatoni iliyonse padzalembedwa Zóbuè, ndipo munthu wa dziko lakutali adzavutika kulitchula dzinalo koma adzalikonda.

Ankayankhula maso atatsinzina pang'ono, dzanja likujambula makoma m'mwamba. Ine ndimaseka msanga, koma ndinene zoona, pena ndinkaiwala nyama pamoto. Ndinkachita kuwaona magetsi a nyumbayo akuwala m'nkhungu. Ndinkadziona ndili ndi malo odyera a matebulo ndi nsalu, ana anga atavala zoyera.

Ndipo nkhaniyo inkathera pamodzimodzi nthawi zonse. Ozinga ambiri adzafunika, ndiye adzabwera ndi akazi ndi ana, adzamanga nyumba, adzamanga mzikiti weniweni m'malo mwa kachisakasa ka malata kamene oyendetsa makamyau ankaswaliramo m'mphepete mwa msewu. Lachisanu mizere idzasefukira panja. Akafika pamenepa ankatsegula maso n'kuseka. "Ndiye ine ndikadzagona, ondisambitsa adzachita kulimbirana."

Sanangolota chabe. Anapempha malo kwa akuluakulu a dera, kunsi kwa mudzi kufupi ndi kamtsinje, ndipo anawapatsa, mwina pofuna kuti asiye kubwerabwera ku ofesi. Analambula okha, n'kukhoma zikhomo m'makona. Aliyense wovala taye wodutsa pamalire ankamuimitsa n'kumufotokozera. Oyendetsa makamyau anaitenga nkhaniyo n'kupita nayo kutali.

Tsono malowo anachita malire ndi khola la a Domingo. A Domingo ndi katekista wathu, wamtali, wa mawu aakulu otsogolera nyimbo, ndipo amaweta nkhumba. Nyumba yawo ndi ya Che Twaibu zinali zoyandikana, mpanda wa udzu pakati. Awiriwa anadziwana kumsasa ku Malawi, ankatchulana kuti shamwali, ndiye kuti bwenzi, ndipo ankakangana tsiku ndi tsiku ngati akazi a mitala. A Domingo ankadandaula kuti m'bandakucha uliwonse mnzawoyo amaima pakhonde n'kufuula mawu oitanira anthu kokaswali, chikhalirecho palibe womuyankha, amangodzutsa Akhristu ndi atambala awo. Che Twaibu ankayankha kuti nkhumba za a katekista zimayamba kulira iwo asanatsegule n'komwe pakamwa. Akatha apo ankamwera limodzi tiyi, aliyense ndi kapu yake.

Tsiku lina zinaoneka ngati zatheka. Kunabwera magalimoto oyera, munatuluka akuluakulu a boma ndi alendo awiri a ndevu zosamalika, amalonda a kunja amene anamva za mbuzi za ku Tete. Che Twaibu anavala mkanjo umene ankausungira chikondwerero. Tonse tinasiya mabaraka n'kulondola. Anawayendetsa alendowo pamalopo, kuwaonetsa podzakhala khola lopumulira ziweto, podzadutsa madzi, kodzayang'ana ozinga. Alendowo ankagwedeza mitu, wina akujambula ndi foni. Ali mkati mofotokoza, nkhumba yaikazi ya a Domingo inatulukira m'tchire ndi tiana take pambuyo, thupi lonse matope, n'kudutsa pakati penipeni pa gululo mosatekeseka. Inaima n'kununkhiza nsapato ya mlendo mmodzi.

Ana anaphulika nako kuseka, ine ndinaluma chitenje. Alendowo sanakwiye, anangomwetulira, kugwirana chanza ndi mkuluyo n'kunena kuti adzabweranso. Sanabwerenso. Ena amati chinali nkhumba, ena amati nthawi imeneyo malasha anali atayamba kugwa mtengo ndipo aliyense wa ndalama ankabweza dzanja. Ine sindikudziwa. Koma Che Twaibu anakhulupirira kuti ndi nkhumba. Madzulo ake anaima pampanda, osakweza mawu, n'kuwauza a Domingo kuti, "Shamwali, lero mwandiika m'bokosi." Kuchokera tsikulo tiyi uja anatha. Akakumana panjira ankapatsana moni wa alendo.

Zinandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa onse awiri anayamba kukalamba msanga. A Domingo anasuntha khola n'kulimanga kutsidya kwa kamtsinje, koma sanapite kukapepesa, poti ankati nkhumba sinabatizidwe, sangaiyankhire mlandu. Che Twaibu anapitiriza kulambula malo aja chaka ndi chaka. Shehe wa ku Moatize uja anamwalira. Nkhani ya mzinda ankaifotokozabe, koma tsopano ankaima pakati kuti atsokomole, ndipo pena ankaiwala kufika pa mzikiti.

Che Twaibu anamwalira m'mawa, kutangocha, Lusiya ali pambali pawo. Ine nditafika ndinapeza amayi ayamba kale kulira ndipo amuna akukambirana zathu zachizolowezi: kutumiza uthenga kwa abale, kugona pamaliro masiku awiri, kuuza kalipentala ayambe bokosi. Lusiya anaimbira foni ku Moatize, ndipo anyamata a kumzikiti anamuuza mwaulemu kuti abwere nawo mtembo, adzaulandira. Mwanayo anangokhala pansi, foni ili m'manja. Ankadziwa zimene bambo ake ankafuna, koma iye ndi mkazi, ndiponso Mkatolika, sakanatha kuwasambitsa.

A Domingo anali ataima pampanda paja. Anamuuza kalipentala kuti asakhudze thabwa, anauza adzukulu kuti akadikire kumanda osayamba kukumba, n'kutenga chipewa chawo kulunjika kumsewu. Ine ndinawatsatira, poopa kuti mkuluyo angagundidwe m'nkhungumo.

Kachisakasa koswaliramo kaja tinakapeza kopanda munthu. Koma makamyau anali atandanda mpaka kumunsi, akudikira mapepala, zitseko zotseka chifukwa cha kuzizira. A Domingo anayamba kugogoda chitseko chimodzichimodzi. Tsono ife munthu wamkulu sitinena kuti wafa, ndipo Chiswahili sitichidziwa. Iwo anatola timawu tawo ta Chipwitikizi ndi tina tomwe anatolera pamsika, n'kumauza aliyense wosuzumira kuti Halali akabou, Halali kwisha, a Halali atha. Oyendetsawo ankamva kuti nyama ya halali yatha pamsika lero. Wina anakweza mapewa n'kuonetsa mkate wake, kusonyeza kuti sadandaula. Wina anaseka n'kutseka galasi. Wina anawaponyera ndalama yachitsulo poyesa kuti ndi wopemphetsa. Anthu amenewa anadya nyama ya Che Twaibu zaka zambiri, ena anaswali nawo limodzi, koma ankawadziwa ndi dzina lawo lenileni. Sankadziwa kuti kwa ife Halali ndi munthu. Ifenso m'chisoni chathucho sitinaganize n'komwe zotchula dzina lina.

Tinayenda mtunda ndithu. Nthawi inkapita, ndipo ndinayamba kuona kuti bokosi lija likhomedwa basi. A Domingo anaima pakati pa msewu, akupuma movutika. Kenako anavula chipewa, kuika manja kumakutu monga ankaonera mnzawo akuchita pakhonde, n'kutulutsa mawu aja oitanira anthu kokaswali.

Anali asanawaphunzirepo. Anangowamva kudzera pampanda m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezo, akutukwana m'bulangete. Mawuwo ankatuluka opindika, ndipo kaimbidwe kake kanali ka nyimbo zathu za pa Misa. Koma liwu la a Domingo ndi lalikulu, linalowa m'nkhungu n'kukagunda phiri n'kubwerera. Zitseko zinayamba kutseguka, kuno, uko, kumunsi komwe sitinkaonako. Amuna ankatsika atafunda mabulangete, ena nkhope zili gwaa, chifukwa sinali nthawi yoswali ndipo ankayesa kuti wina akuchita chipongwe. Anatulukira m'nkhungumo mmodzimmodzi n'kupeza nkhalamba ya mtanda pachifuwa ikuitana, misozi ili chuchuchu.

Mmodzi wa ku Mangochi, amene anali m'tulo kumapeto kwa mzere, anawagwira dzanja n'kuwafunsa m'Chichewa kuti, "Bambo, chavuta n'chiyani?"

"Mnzanga wagona. Wozinga mbuzi uja. Alibe womusambitsa."

"Che Twaibu?"

Dzinalo linayenda pakati pa amuna aja m'zinenero zawo, ndipo ndinaona nkhope zikusintha. Wina anathamangira kukamyau yake n'kubwera ndi nsalu yoyera yatsopano imene ankapita nayo kwa mkazi wake. Wina anatenga sopo ndi mafuta onunkhira. Anasiya anyamata awo kuti ayang'anire katundu, n'kutitsatira kumudzi, mzere wautali wa anthu osadziwana, Msomali, Mswahili, Myao, wina wa ku Nampula.

Anawasambitsa m'nyumba mwawo, chitseko chotseka, ndipo ndinamva ndi makutu anga awiri akukangana pakhomo kuti alowe ndani. Kumanda anawaonetsa adzukulu athu kokumbira, m'mphepete mwa manda a Akatolika, pafupi ndi mayi Rozalina, ndipo adzukuluwo anatembenuza makasu osatsutsa. Ife amayi tinaima patali. Amuna aja anandanda mizere, mtembo uli kutsogolo kwawo, osagwada, osaimba, mawu ochepa chabe. Sindinaonepo Asilamu ochuluka chotero m'mudzi mwathu. Kumbuyo kwawo kunaima a Domingo okha, chipewa m'manja, osadziwa poika maso. Dzuwa linali lisanapendeke pamene ankafotsera.

Atangomaliza, mabelu a makamyau anayamba kulira kumsewu, mzere unali utayamba kuyenda. Anagwirana chanza ndi Lusiya, ena anakana ngakhale madzi akumwa, n'kuthamanga. Pofika madzulo panalibe ndi mmodzi yemwe. Mzinda umene mkulu uja anaulota zaka zonse zija unakhala pa Zóbuè masana amodzi okha, koma unagwira ntchito imene ankaufunira. Ndikaganiza zimenezi ndimasangalala, kenako ndimalira, ndipo sindidziwa choyamba n'chiti.

Masiku ano mbuzi amandiphera anyamata a pamsika, mothamanga, ina ikuonerera. Oyendetsa makamyau akasuzumira n'kufunsa funso lawo lija, ndimapukusa mutu, chifukwa sindingawanamize. Amagula nthochi n'kubwerera.

Pansi pa mbawa paja palibe amene wakhalapo. Chingwe chimene ankapachikira nyama chidakalendewera panthambi, chachita ndere. Mwala wonolera mpeni uli kuseri kwa tsinde, pakati pake pali polowa, ndipo mvula ya dzanayi yasiyamo madzi. Udzu wamera pamene ankagonekapo mbuzi, wobiriwira kuposa wina wonse pamsika. M'mawa uno mbuzi ya munthu wina inadula chingwe n'kukadya pamenepo, ndipo palibe anaithamangitsa.